Tayala la Mbali ya Amayi

Aneba athu timangowatchula kuti a Mpope. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, amazungulira galimoto yawo yakale ija ngati nkhuku yofuna poikira. Amasuzumira oyilo, amathira madzi, kenako amagwada pa tayala lililonse n'kulidina ndi chala. Ine ndimawatsanzira mpaka katsokomoledwe: "Ehem! Galimoto imayendera mpweya, mwanawe, petulo amangoperekeza."

Kale akamapopa tayala lakutsogolo, mbali imene ankakhala akazi awo, ankawonjezera dala mpweya. "Uku kumakhala katundu wolemera!" ankatero mokweza. Mayiwo ankawaponyera chisanza pawindo: "Wolemera ndi mutu wanuwo!" Ife kuseri kwa mpanda tinkafa nako kuseka.

Mayiwo anatisiya chaka chatha. Pawindo paja palibenso woyankha, koma a Mpope amawonjezerabe, mwakachetechete.

Tsiku lina mwana wawo wamkulu anabwera ndi geji yoyezera mpweya. Atayeza tayala lija anapukusa mutu.

"Bambo, ili lakhuta mopitirira. Onani, likudyeka pakati. Ndiliphwetseko pang'ono."

"Usalikhudze."

"Koma masiku ano mumayenda nokha. Nanga likadzakuphulikirani pamsewu? Tikulirabe amayi, mukufuna tilirenso inu?"

A Mpope anayang'ana mpando wopanda munthu uja nthawi yaitali. Kenako anati, "Phwetsa. Koma dikira ndiyambe ndalowa m'nyumba, sindifuna kumva."

Analowa n'kukweza wailesi mpaka mawindo kunjenjemera. Mwana uja anagwada, n'kuyamba kutulutsa mpweyawo pang'onopang'ono, ngati akuba.