Thanthwe la Kumunda wa Mtedza

Ananditumiza ku Mchinji kukaphunzitsa pa sekondale ina ya pa boma ndili ndi zaka zoposa makumi anayi, mawondo atayamba kale kudandaula. Nyumba yanga inayandikana ndi ya namwino wina wachitsikana wochokera ku Lilongwe. Loweruka ankachoka m'mamawa ndi chikwama chachikulu, n'kubwera zala zili mbuu ndi choko ngati nayenso ndi mphunzitsi. Nditamufunsa, anati amakwera matanthwe, chokocho n'choti manja asamaterereke, ndipo masiku ano amenewa ndi masewera enieni, okhala ndi mipikisano yake. Ndinaseka. Kwathu munthu akakwera thanthwe ndiye kuti akuthawa kanthu kapena akufuna nkhuni.

Komabe Loweruka lina ndinamutsatira. Tinakwera minibasi yolowera ku Mkanda, kenako kabaza. Thanthwe lake linali kumapeto kwa munda wa mtedza, ndipo mwini munda, mayi wamsinkhu wanga, tinawapeza akukumba. Namwino anali atawapempha kale kuti azikwera pamenepo, koma iwo ankangomuonera patali.

Namwino anadzera kuseri kukamanga chingwe pamwamba, n'kudzandiveka lamba wa m'chiuno ndi nsapato zothina kwambiri. Anandiuza kuti ndikaterereka chingwe chindigwira. Ndinayamba bwino ndithu, koma nditafika pakati ndinasowa popondera. Ndinayamba kupemphera chamumtima.

Kenako ndinamva mawu pansi. Anali mayi aja, khasu ali nalo m'manja.

"Aphunzitsi, pafupi ndi bondo lanu lakumanzere pali kamng'alu. Pondani pamenepo, musayang'ane kuno."

Ndinapapasa ndi phazi, ndipo kamng'aluko kanalipodi. Ndinafika pamwamba ndikupuma mwabefu. Ndinaona minda, zigafa za fodya ndi mapiri olowera ku Zambia, ndipo ndinaseka ndekha mpaka misozi.

Nditatsika tinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati ali mtsikana ankakwera pomwepo tsiku ndi tsiku kuti aziona anyani asanalowe m'chimanga, ndipo anasiya atakwatiwa chifukwa mayi wapabanja sakwera miyala. Namwino anawanyengerera kuti ayesenso. Anakana kawiri, kachitatu anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu, n'kubwereka buluku langa lamasewera kuvala m'kati mwa chitenje. Nsapato anazikana. Anakwera ndi mapazi okhaokha, mosafulumira, osaima paliponse. Potsika, atalendewera pachingwe, ankaseka ngati ali pa katungwe. Anati kale kutsika ndiko kunkawaopsa, tsopano ntchito yonse akugwira ndi wogwira chingwe pansi.

Kuyambira pamenepo tinkakwera atatu. Patapita miyezi, namwino anamva za mpikisano ku Lilongwe, wokwera khoma lamatabwa lokhomedwa zogwirira zamitundumitundu, ndipo anatilembetsa tonse. Amuna awo a mayi aja, amene poyamba ankang'ung'udza, anawapalasa okha panjinga mpaka pamsewu.

Ine ndinagwa msanga, anthu n'kundiombera m'manja mwaulemu. Oyendetsa mpikisano anawauza mayi aja kuti pamenepa nsapato n'zofunika, ndipo anavala akudandaula. Sanapambane, koma anafika patali kuposa atsikana ambiri a m'tauni, mpaka anthu osawadziwa ankawachemerera. Mu minibasi pobwerera anatiuza kuti khomalo ndi labwino, kungoti munthu amachita kukusonyezeratu popondera ndi penti.

Loweruka lotsatira tinapeza amayi anayi a kwaya ya kutchalitchi kwa mayi aja atakhala pamthunzi pafupi ndi thanthwe lija, aliyense atavala buluku la mwamuna wake m'kati mwa chitenje. Namwino anaphunzitsa mayi aja kagwiridwe ka chingwe cha wokwera, ndipo woyamba kukwera iwo atagwira chingwe ndinali ine. Ndinawafunsa ngati angandithe, poti ndine wonenepa.

"Kwerani, aphunzitsi," anatero. "Thumba la mtedza ndimanyamula ndekha."

Ndinakwera, amayi a kwaya aja akuimba pansi.