Chiwongolero cha a Feston

NyaJere anayamba kuwaona bwino a Feston tsiku limene basi ya ku Lilongwe inawatsitsira chiwongolero. Iye anali pa makina ake osokera, pakhonde la sitolo ya zitsulo yoyang'anizana ndi poima mabasi pa boma la Mzimba. Anaona bambo wa mwendo umodzi akulimbana ndi katoni, ndodo ziwiri zili m'khwapa. Katoniyo inabooka pansi, chiwongolero chakuda, chaching'ono ngati mbale, chinagwa n'kugubuduzika mpaka m'mbali mwa ngalande, chingwe chamagetsi chikukhwekhwereka pambuyo.

"Madala, nanga galimoto yake ili kuti?" anafunsa kondakitala.

"Ikubwera pang'onopang'ono. Lero kwafika chiwongolero."

Bamboyu anali atakhala kale miyezi itatu kumapeto kwa khonde lomwelo, akudula makiyi ndi kukonza maloko, koma NyaJere sankapitirira pa moni. Chimwalirireni mwamuna wake, mawu ake anali a muyeso wa m'chiuno ndi tsiku lodzatenga chovala basi. Makutu okha ndiwo ankagwira ntchito, ndipo mbiri ya a Feston anaitola pang'onopang'ono kuchokera m'nkhani zimene ankacheza ndi makasitomala.

Kwawo kunali ku Dedza. Anabwera kumpoto ali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri anayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa. Tsiku lina m'mawa kuli nkhungu, loleyo inagubuduzika pa kona, mwendo wakumanja unatsala kuchipatala. Akazi awo anali atamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Atikonda, namwino ku Dedza, anali atanenetsa kuti mu Disembala adzabwera kudzawatenga. A Feston ankadziwa kuti akakafika kumeneko sadzakhalanso ndi tebulo la makiyi, ndipo sangapemphe mwana wawo ndalama za masewera. Chinthu chimene ankamanga pang'onopang'onocho chinayenera kutha Disembala asanafike.

Chiyambi chake chinali loko. Aphunzitsi a Linily, mayi wa ku Zomba wophunzitsa makompyuta ku sekondale, anataya kiyi wa kunyumba kwawo. A Feston atatsegula chitseko anaona pa laputopu masewera oyendetsa lole, msewu, mapiri, ngakhale magalasi oonera kumbuyo. Anapempha kuyesa. Loleyo inkayenda modukiza.

"Lole yanuyi ikudwala, madamu."

"Si lole, bambo Feston, ndi laputopuyi. Masewerawa amafuna kompyuta yamphamvu."

Yogula yathunthu sakanaikwanitsa, choncho aphunzitsiwo anawalembera papepala zida zoti azigula chimodzichimodzi. Pepalalo linkakhala m'thumba la malaya mpaka linafewa ngati nsalu. Chida chilichonse a Feston anachipatsa dzina la pa lole. Purosesa inali injini. Bolodi lalikulu, pamene zonse zimalumikizidwa, linali chesisi. Khadi yotulutsa zithunzi inali galasi lakutsogolo.

Aphunzitsi ankaima pakhondepo akaweruka, ndipo NyaJere ankachepetsa liwiro la makina kuti amve.

"Injini ndikufuna yaikulu," anatero a Feston.

"Injini yapakati ikwana. Ndalama zipite ku khadi ya zithunzi, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Koma chogawa magetsi mugule chatsopano. Ndi kuthimathima kwa kuno, chakale chidzakuphererani zonse."

"Nanga bokosi?"

"Limenelo mutha kusiya. Bola mpweya uzilowa."

Bokosilo a Feston anakhoma okha ndi zidutswa za paini zimene dalaivala mnzawo wakale anawaponyera podutsa. Analiboola mabowo m'mbali, n'kupempha NyaJere kansalu kopyapyala kotchinga fumbi. Limenelo ndilo tsiku loyamba limene anayankhulana kupitirira moni. Sikirini anagula kwa munthu amene ankatseka malo otayipira makalata. Pofika Seputembala kunatsala chida chimodzi, ramu, chimene aphunzitsi ankati ndi pamene kompyuta imasungira zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo.

Anachipeza ku Jenda, kwa munthu wogulitsa katundu wolowa kuchokera ku Zambia, pa theka la mtengo wa ku Lilongwe. Papepala panali nambala folo. Pa chidacho panali nambala fili. Wogulitsayo anati kusiyana kwake ndi chaka chabe.

Loweruka masana anayala zonse patebulo la makiyi. Aphunzitsi a Linily anali atapita kukachonga mayeso. Ramuyo inali kabolodi kobiriwira, kotalika ngati chipeso, kokhala ndi mano agolide m'mphepete ndi kampata kamodzi pakati pa manowo. Pamalo polowetsa panali kachotupa koyenera kulowa m'kampatako. Zinasemphana pang'ono, osafika ndi m'lifupi mwa chikhadabo. A Feston anakatembenuza, anayesanso, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa tupa.

Kwa iwo sichinali chachilendo. Zaka zonse za m'nkhalango, sipeya ya lole ina ankailowetsa pa lole ina poipala ndi kuikhoma, ndipo matabwa ankafika. Kiyi wokana kulowa amafunanso tupa.

NyaJere anaimitsa makina. Iye akamadula malaya amatema kampata pa nsalu kuti mkono wakumanzere usasokedwe kumanja. Ankadziwa kuti kampata sikaikidwa kuti chinthu chilowe kokha, kamaikidwanso kuti chosayenera chikane. Anatsegula pakamwa. Kenako anaganiza kuti iye analekeza Fomu 2, ndipo bamboyu wakhala ndi pepala lija chaka chathunthu. Anaweramira nsalu yake, phazi n'kubwerera pa chopondera.

Ramu inalowa bwinobwino. A Feston analumikiza magetsi m'sitolo, n'kudina batani. Fani inazungulira kamodzi n'kuima. Panatuluka kautsi kochepa ndi fungo la pulasitiki yopsa. A Feston anazula chingwe, n'kukhala akuyang'ana bokosi lawo mpaka sitolo inatsekedwa.

Aphunzitsi atabwerako anayesa zida chimodzichimodzi kunyumba kwawo. Purosesa inali moyo, khadi ya zithunzi inali moyo. Bolodi lalikulu ndi ramu zinali zitapsa.

"Bambo Feston, kompyuta sapala."

"Ndamva, madamu."

Sabata imeneyo a Feston sanacheze ndi makasitomala. Lachisanu NyaJere anawapatsa mbatata yowotcha, n'kuimirira pafupi ndi tebulo, maso ali pansi.

"Ine ndinaona kuti si yake. Kampata kaja."

"Munaona? Nanga bwanji simunanene, NyaJere?"

"Ndimaopa."

"Kuopa munthu wa mwendo umodzi? Ndikanakuthamangitsani?"

NyaJere anaseka, chinthu chimene anthu a pakhondepo anali asanachimvepo, koma kusekako sikunabweze bolodi. Unali Okutobala, ndipo makiyi a miyezi iwiri sakanagula zida ziwiri. Aphunzitsi ananena kuti pali njira ziwiri. Akanatha kugulitsa chiwongolero n'kumayendetsa ndi mabatani, kapena kusinthitsa khadi ya zithunzi ija ndi yofooka, ndalama zotsalazo n'kugulira bolodi ndi ramu.

"Ndi khadi yofooka zichitika n'zotani?"

"Lole iziyenda bwino, koma mitengo ya m'mbali mwa msewu izioneka ngati yodula pa katoni."

"Mitengo ndinainyamula zaka makumi awiri. Sindikufunanso kuiona."

Zidazo zinafika pa basi kumapeto kwa Novembala. Nthawi imeneyi a Feston sanalowetse kanthu asanaitane NyaJere. Iye anagwira ramu m'mphepete monga aphunzitsi anamuuzira, anayang'ana kampata, anayang'ana kachotupa.

"Ndi yake," anatero.

Kompyutayo anaiyatsa m'chipinda chakumbuyo kwa sitolo Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi. Aphunzitsi anasintha kuti mafuta ndi mabuleki zikhale pa timabatani ta kuseri kwa chiwongolero, pakuti phazi lopondera panalibe. A Feston anakhala mowongoka, anapukuta manja pa thalauza, n'kuyang'ana galasi lakumanja, lakumanzere, asananyamuke. NyaJere anapatsidwa mpando pambali pawo. Mitengo inalidi ngati ya katoni. Pa kona iliyonse a Feston ankapendama thupi lonse, ndipo potsetsereka ntchafu ya mwendo wodulidwa uja inkagwedezeka yokha ikufuna buleki. Anayenda ola lathunthu osagunda kanthu. Atafika, anabwerera chambuyo n'kuimika lole pakati penipeni pa mizere.

"Yewo chomene, a dalaivala," anathokoza NyaJere m'Chitumbuka potsika pampando.

Atikonda anabwera sabata ya Khirisimasi isanafike. Anayang'ana bokosi la paini ndi chiwongolero, n'kufunsa ngati zimenezi nazonso zikupita ku Dedza. Bambo ake anati zovala zikhoza kutsala. Tebulo la makiyi anagulitsa kwa mwini sitolo, koma tupa anasiya pa makina a NyaJere osanena chifukwa.

M'mawa wa ulendo NyaJere anawaperekeza poima mabasi. Atikonda anali atalowa kale kukasunga mipando. A Feston anakwera movutikira, chiwongolero chili m'manja, n'kukhala pawindo. Ali pomwepo anaona kondakitala, yemwe uja, atanyamula bokosi la paini akupita nalo kumbuyo, kumene ankaunjika matumba a chimanga. Anamukuwira kawiri, kondakitala osacheuka. Ndiye anatulutsa mutu pawindo.

"NyaJere, kamuuzeni bokosilo libwere pamiyendo pa Atikonda. Ine sandimvera. Inu mukayankhula amva, poti simuyankhula kawirikawiri."