Mzimu Wobwera pa Landirova

Fungo la polishi wa nsapato limandikumbutsabe masabata athu oyamba ku Mangochi. Bambo anga, kalaliki wa boma, atangosamutsidwira kumeneko, tinayamba kusaka mpingo ngati nyumba ya lendi, Lamulungu lililonse nsapato zitapolishidwa.

Koyamba kunali ng'oma ndi kuvina. Amayi anakondwa, koma bambo anati Mulungu si gonthi. Kwachiwiri kugwada kunachuluka, akuti buluku lawo litha m'mawondo. Kwachitatu kunali kotentha ngati m'ng'anjo, nyimbo zokoka, ulaliki wosatha mpaka fungo la usipa wokazinga kuyamba kulowera pazenera. Koma panja, pansi pa mtengo wa mango, panali Landirova ya abwana awo a kuofesi.

"Mzimu wandiuza kuti ndi pano," anatero bambo.

Ine ndinakhulupirira kuti Mzimu Woyera amabwera pa Landirova, moti ndinkasuzumira m'galimotomo kuti ndimuone.

Patapita miyezi abwana aja anasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwawo anali Msilamu. Tsiku lina ndinamva bambo akufunsa aneba athu ogulitsa nsomba, Che Saidi, kuti swala ya Lachisanu kumzikiti imayamba nthawi yanji.

Amayi anayankhira m'khitchini: "Bambo a Chikondi, mzuli ndikugulirani ndine. Koma za jando mwafunsa?"

Lamulungu tinabwerera kwa ng'oma kuja, bambo akuvina kuposa aliyense.

Nkhaniyi ndinkangoiseka, mpaka nditakula n'kuzindikira kuti masiku a chipani chimodzi, munthu wa ana asanu ankapemphera atatsinzina diso limodzi, linalo lili pa bwana.