Nati Yokana Panjira ya ku Tembwe

Aneba athu, omwe kale ankayendetsa ambulansi, amayenda ngati akulota. Mvula isanayambe amamasula manati onse a matayala a motoka yawo, kuwapukuta dzimbiri, n'kuwamanganso modekha. "Nati ukaimanga mwaukali, idzakukana uli patali," amatero.

Tsiku la ukwati wa mwana wanga Jestina, tayala la motoka yahayala linaphulika panjira ya ku Tembwe. Pofuna kusintha tayalalo, nati imodzi inakana kumasuka. Amuna atatu anadumphira sipanala, mkwatibwi akulira pansi pa mtengo wa mtsanya. Aneba aja, omwe tinali nawo paulendowu, anathira oilo panatipo, nakhala pansi kuyang'ana mitambo. Kenako analowetsa sipanala m'paipi yaitali, natsamira pang'onopang'ono, atatsinzina. Nati inalira, n'kumasuka.

"Manje pukuta misozi, mwanawe," anauza Jestina.

Tinafika kutchalitchi kwaya isanatope kuyimba.