Sukulu ya a Daka ya Mwana Mmodzi

Aliyense amene anagwirapo ntchito ku fakitale ya feteleza ku Kafue amawadziwa a Benson Daka. Ndi aja aatali, a mapewa owerama pang'ono, amene mpaka lero amayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu ngakhale kulibe galimoto. Atate awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo anakulira m'nyumba za pafupi ndi siteshoni. Atamaliza sukulu analowa m'chipinda choyezera mankhwala pa fakitale paja. Kutchalitchi ankapita ngati wina aliyense, koma chikhulupiriro chawo chenicheni anachitenga m'chipinda chimenecho: chinthu choopsa uchitsekere, uchiike kutali ndi moto ndiponso kutali ndi anthu, ndipo usachichotsere diso. Zaka zonse zimene anagwira m'menemo palibe amene anapsa kapena kukomoka pa shifiti yawo, ndipo nkhani imeneyi ankaikamba ngakhale kwa amene sanafunse.

Ntchito itatha anabwerera kunyumba ndi chikhoti chawo choyera. Amene ankagwira pakhomo tsopano anali akazi awo, a Mwandida, ogulitsa nsomba zouma za ku Chanyanya mu msika wa m'tauni. Awa anali mayi osatopa pakamwa, oseka ndi thupi lonse, moti munthu wobwera kudzangofunsa mtengo ankachoka ndi nsomba komanso mbiri ya mzere wonse. Mwana anali mmodzi yekha, Fridah, wobadwa iwo atataya kale mtima. Mutu anatengera atate ake, pakamwa anatengera amake. Ankaimba kwaya, ankatsutsana ndi anyamata m'kalasi, ndipo akachoka kusukulu ankadzera ku msika kukathandiza kuitanira makasitomala.

Ali m'giredi 10, tsiku lina m'mawa ana ali pa mzere kusukulu, Fridah anagwa. Thupi linauma, kenaka linayamba kunjenjemera, thovu likutuluka kukamwa. Anzake anamwazikana, chifukwa bodza loti khunyu amatengera m'malovu silinafe, ndipo pali akuluakulu ovala mataye amene amalikhulupirirabe. Wina, mwana wa munthu ndithu, m'malo momugwira mutu anatulutsa foni nayamba kujambula. Pofika madzulo kanema uja anali atakwera kale minibasi kupita ku Lusaka ndi kubwerako.

Ku chipatala anamupatsa mapilitsi, ndipo namwino anawafotokozera makolowo bwinobwino. Anati mwanayo azimwa mankhwala osadumphitsa, azigona mokwanira, asamakhale yekha pa moto kapena pa madzi, koma sukulu apitirize ngati anzake. A Daka anamva zonse kupatula mawu omalizawo. Sabata imeneyo Fridah analira kuti sadzapondanso pa sukulu paja, monga mwana aliyense wochititsidwa manyazi angalirire. Atate ake anatenga mawu a sabata imodzi n'kuwasandutsa lamulo. Anati mwana aziphunzira pakhomo, mphunzitsi akhala iwo.

Ndiye inayamba ntchito yosankha zoti aphunzire. Blessed, mtsogoleri wa achinyamata ku tchalitchi cha Pentekosite kumene a Mwandida ankapemphera, anabwera ndi katoni ya timabuku tochokera kunja. Tsamba lililonse linali ndi vesi pamwamba, ndipo mwana ankayenera kudziphunzitsa ndi kudzichongera yekha. A Daka anatiwerenga masiku angapo, magalasi ali pamphuno, napeza kuti masamu ake akukamba za chipale chofewa chimene ku Kafue sikunagweko.

"Ba Blessed, mavesi yali bwino," anatero pobweza katoniyo, "koma mwana wanga azalemba exam ya kuno, osati ya ku America."

Wachibale wina wa ku Lusaka anawauza za makalasi a pa foni, pamene ana ambiri amaonana ndi mphunzitsi pa kanema. Izi anazikana asanamve n'komwe mapeto ake. Foni ndi imene inamuvula mwana wawo pamaso pa tauni yonse, ndipo sinalinso yoti ilowe m'nyumba mwawo. Potsiriza anasankha silabasi ya boma yomwe ija, kuti Fridah adzalembe mayeso a GCE ngati wophunzira wapadera. Pamenepo sanalakwe, ndipo tisawanamizire.

Kulakwa kunabwera atatenga cholembera. Anakhala pa tebulo ndi silabasi ija monga ankakhalira ndi zidebe za mankhwala, akufunafuna choopsa. Masamu, Chingerezi, sayansi, bayoloje ndi maphunziro a chikhalidwe cha dziko anazisiya kuti aziphunzira. Phunziro la zakudya ndi kaphikidwe analikhwatcha.

"Badadi, iyo ndiye subject ninali kukonda," anatero Fridah.

"Muli moto mwamene umo," anayankha iwo. "Mbaula, mafuta yakupsa, mipeni. Iyayi."

Kwaya anati si phunziro. Kudzera ku msika anati n'kutaya nthawi. Pabalaza anapentapo bolodi pa khoma, ngodya za tebulo anazikulunga ndi masiponji akale, ndipo pafupi ndi mpando wa mwana anayala matiresi. M'mawa ankavala chikhoti choyera chija, sukulu n'kuyamba pa nthawi imene shifiti inkayamba ku fakitale.

Kuphunzitsa ankakutha, zimenezo palibe angakane. Chingerezi chimene anali ataiwala anachiphunziranso okha kuti asamunamize mwana. Ankayenda wapansi kukabwereka mapepala a mayeso akale kwa aphunzitsi amene ankawadziwa. Akafika pa zoyesa za sayansi ankatulutsa mabotolo panja, n'kusakaniza viniga ndi soda pansi pa mtengo wa mango, akufotokoza mokweza mawu. Fridah ankaonera pa windo, atakhala pansi, chifukwa kuimirira nthawi yaitali nakonso kunali koletsedwa.

A Mwandida anapirira miyezi ingapo, kenaka tsiku lina pobwera ku msika anaima pa khomo la kalasi ija, dengu lili m'manja.

"Batate bake Fridah, mwana si botolo ya acid. Mulekeni abwereko ku market pa Saturday, aniyikileko nsomba pa tebulo, aoneko bantu."

"Ku market kuli mambaula, kuli mawilibala, kuli vinsimbi. Akagwa?"

"Akagwa tizamunyamula. Nanga manja tili nayo ya chani?"

"Akasiliza ma exam azayenda kulikonse kwamene afuna," anatero a Daka, natembenukira ku bolodi.

Fridah anali pa mpando wake, maso ali m'buku, koma anamva zonse.

Kuyambira pamenepo yankho la chilichonse linali lomwelo, akamaliza mayeso. Atsikana awiri a kwaya anabwera kudzamuona, nauzidwa pa geti kuti ali m'kalasi. Anabweranso, nauzidwa zomwezo, ndipo sanabwerenso. Mapilitsi anagwira ntchito yake, kugwa kunayamba kusowa, koma a Daka ankayamikira mpanda wawo. Mwana uja wotsutsana ndi anyamata anayamba kulankhula pokhapokha atafunsidwa, ndipo mayankho ake anali olondola nthawi zonse. Atate ake ankanyadira kuti wakhwima maganizo. Zimamvetsa chisoni, chifukwa munthuyu ankamukonda mwana wake kuposa moyo wake, ndipo tsiku lililonse ankamuyang'anitsitsa osaona kuti akuzima.

Chaka chachiwiri, nyengo ya mvula, amene anagwa si Fridah. A Mwandida anagwa pa benchi yawo mu msika, akuyankha kasitomala, mbali imodzi ya thupi itafa. Amayi anzawo sanathawe. Anawanyamula pa chitenje mpaka pa galimoto, koma ku chipatala sanakhaleko masiku ambiri.

Maliro a m'tauni muno amadziwika kayendedwe kake. Mipando amaitulutsa, amayi amadzaza m'nyumba atakhala pansi, abambo amakhala panja pa tenti moto uli pakati. A Daka ataganiza za kulira, chikhamu ndi moto, anamutenga Fridah anthu asanayambe kufika, nakamusiya kwa mlongo wawo, a Idah, mbali ina ya tauni. Amayi a mu msika analira pabalaza paja, pansi pa bolodi limene linali likadali ndi masamu a sabata yathayo.

M'mawa wa tsiku loika maliro a Daka anadzera kwa a Idah. Anapeza Fridah atavala kale chitenje ndi duku.

"Nifuna kuona bamami," anatero.

"Kuli zuba, kuli chibantu, kuli mugodi wa manda. Nizakupeleka ine neka vikazizila, ukasiliza ma exam."

A Idah anayesa kulankhulapo, koma mlongo wawo anali atatuluka kale. Fridah anavula duku, nalipinda. Mwana wa Mwandida kungovomera chonchi, bambo wina akadachita mantha.

Kumanda, itafika nthawi yoika maluwa, woyendetsa mwambo anaitana amuna a malemu, ndipo a Daka anapita nakaika nkhata yawo. Kenaka anaitana ana a malemu. Anaitananso, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo palibe amene anaimirira. Amayi a mu msika anayang'anana, wina anapukusa mutu, ndipo mwambo unapitirira kwa achibale ena.

Anthu atabalalika, mipando inabwerera m'malo mwake ndipo sukulu inatsegulidwanso. A Daka anaphunzitsa mwamphamvu kuposa kale, chifukwa akasiya choko ankamva kuti m'nyumba mulibe woseka. Tsopano ankaphikanso iwo, mwana ali kutali ndi mbaula. Fridah ankalemba mapepala akale n'kumawatha nthawi isanakwane. Za amake sanazitchulenso.

Mayeso anafika nyengo yozizira. A Daka anali atamulembetsa pa sukulu ina, osati ija anagwerapo. Ananyamuka m'mawa wapansi, Fridah patsogolo, iwo pambuyo pake pang'ono, manja atatambasula pang'ono monga anazolowera, kuti akangopendama amuwakhe. M'dzanja limodzi anamunyamulira kalikuleta ndi zolembera.

Pa geti panali piringupiringu. Panali anyamata obwereza mayeso, amayi a ana, abambo opempha tchuthi ku ntchito, onse akuseka ndi kufunsana mafunso omaliza. Fridah anaima.

"Ni chizungulile?" anafunsa a Daka, atamugwira kale mkono.

"Iyayi."

"Manje ngena, paper izayamba."

"Munakamba ati nikasiliza ma exam muzanipeleka. Ine nasiliza, badadi. Nipelekeni kuli bamami."

Anamuchonderera. Anamukumbutsa zaka ziwiri za pa tebulo paja, anamuuza kuti pa anthu onsewo palibe wodziwa masamu ngati iye, kuti akangolemba mapepala ochepawa dziko lonse likhala lake. Fridah anawamvetsera mpaka anamaliza, monga ankachitira m'kalasi.

"Vonse vamene munaniphunzisa niviziba," anatero. "Koma siniziba pamene banagona bamai banga."

Belu linalira, anthu analowa, ndipo mlonda anawayang'ana kwa kanthawi asanakankhe geti. A Daka anaona geti likutsekeka, ndipo mtima unawapweteka kwambiri, chifukwa zonse zimene anamanga zinali kuseri kwa geti limenelo. Koma nkhope ya mwanayo inali ya amake pa tsiku lija anaima pa khomo ndi dengu, ndipo nthawi ino analibe bolodi loti atembenukireko.

Anayenda ulendo wa kumanda. Udzu unali utauma, ndipo manda atsopano anali atawonjezekera, moti a Daka anasochera pang'ono asanapeze kachitsulo kolembedwa dzina la akazi awo. Maso awo anayamba okha ntchito yawo ya masiku onse. Anaona miyala ya m'mbali mwa mtumbira, anaona m'mphepete mwakuthwa mwa kachitsulo kaja, anaona botolo losweka m'udzu. Fridah atagwada, iwo anali kale pamsana pake, manja ali okonzeka.

"Badadi, bwelelani kumbuyo."

"Ukagwa?"

"Nikagwa muzaninyamula. Manja muli nayo."

Pa moyo wawo wonse a Benson Daka anali asanachokepo pafupi ndi chinthu chimene anapatsidwa kuti ayang'anire. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo mwanayo anadikirabe. Anabwereranso, mpaka anafika poti ngakhale atathamanga sakadamuwakha.

Pamenepo Fridah anagwira dothi ndi manja onse awiri nalira. Sikunali kulira kwa mwana waulemu wa pa tebulo paja. Kunali kulira kwa mawu onse aja a kwaya ndi a mu msika, akuitana amake mobwerezabwereza, kuwauza kuti wabwera, kuti anachedwa koma sanachite dala. Amuna awiri amene ankakumba manda chapatali anaima, navula zisoti.

Fridah sanagwe tsiku limenelo. Amene anakhala pansi m'udzu ndi a Daka, pafupi ndi manda a munthu amene sankamudziwa, kalikuleta ya mwana wawo ili m'manja.