Laita ya Petulo ya a Kamodzi

Alamu anga, amene anakwatira achemwali anga aakulu, akhala dalaivala wa bwana mmodzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Bwanayo ali ndi kampani yogulitsa malata ndi simenti. Koma mukawafunsa alamuwo ntchito yawo, za chiwongolero satchula. Amayamba akhosomola kaye, kenako n'kupisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kalaita kachitsulo kokalikakalika, n'kukaika patebulo ngati akuonetsa satifiketi.

"Galimoto aliyense akhoza kuyendetsa, alamu," amandiuza choncho. "Ngakhale inuyo atakuphunzitsani mwezi umodzi mukhoza kukafika nayo kuchipatala, kaya muli m'kati mwake, kaya muli kunsi kwake. Koma moto ndi nkhani ina."

Anzawo a kukampani anawapatsa dzina loti a Kamodzi, chifukwa pakamwa pawo sipachoka mawu oti, "Yanga imayaka kamodzi." Eni ake dzinalo amalikonda. Sadziwa kuti olitchula amakhala akutsinana kuseri.

Bwana wawo amasuta ndudu zikuluzikulu zija, zonenepa ngati chala chachikulu chakuphazi, zokulungidwa m'tsamba la fodya osati m'pepala, zobwera m'bokosi lamatabwa. Manja a bwanayo anayamba kunjenjemera kalekale, ndiye ntchito yoyatsa inagwera dalaivala. Alamu angawo chibadwire sanasutepo, ndipo fodya sadziwa kuti amakoma chotani. Koma akayamba kumufotokoza, mungati anabadwira m'bokosi lomwelo.

Tsiku lina ndinawaperekeza kumsika kukagula kachingwe ka laitayo, ndipo ndinalapa. Tinathera ola lathunthu pa benchi ya bambo wina wogulitsa malaita. Chogula anali atagula kale, koma anati ayendere katundu yense.

"Laita uziyamba waimva kulemera," anatero, akuiponyaponya m'dzanja. "Ikapepuka ngati lonjezo la kuntchito, isiye. Chachiwiri, chivindikiro. Tamverani ichi. Chikulira ngati chitini cha sopo. Laita yaulemu imatseka pakamwa kamodzi, osati kulongolola."

"Nanga izi za gasi, madala?" anafunsa wogulitsayo, akuwaonetsa zapulasitiki zamitundumitundu.

"Zidole zimenezo. Muzigulitsa kwa anthu oyatsira makandulo."

Chachitatu chinali mphepo. Laita iliyonse ankaiyatsa n'kuiuzira ndi mpweya wonse wa m'chifuwa, malovu ndi apo. Ikazima, ankamuyang'ana wogulitsayo ngati wamugwira akuba. Yawo ija ankati anaiyesera pazenera la galimoto ili pa liwiro, bwana ali m'tulo kumbuyo, ndipo sinaphethire n'komwe.

Kayatsidwe kakenso kanali ndi ulaliki wake. "Lawi lisakhudze fodya. Uziiwamba nduduyo kunsonga, ukuizunguza pang'onopang'ono, mpaka mkombero wonse utafiira. Pamenepo m'pamene bwana akoke. Wopupuluma amaipserezera mbali imodzi, n'kumayaka chopendama ngati nsapato ya munthu wamatewe."

Pamenepa, kunena zoona, sankanama. Mwini sitolo yogulitsa ndudu zimenezi anandiuzapo kuti kayatsidwe kake ndi komweko. Pamene alamu anga anasochera ndi pa mafuta.

Mafuta a laita amagulitsidwa m'kachitini kakekake, oyera bwino, osanunkha kwambiri. A Kamodzi ankati amenewo ndi madzi onyengerera aulesi. Munthu wa galimoto, iwo amakhulupirira petulo. Lolemba lililonse m'mawa, akamaliza kupukuta magalasi, ankalowetsa kapaipi m'thanki, n'kuyamwa, n'kulavula, n'kudzaza kabotolo ka mankhwala a chifuwa. M'menemo ndi mmene laita inkamwera sabata yonse.

"Mafuta okoka galimoto yonseyi pachitunda, ndiye alephere ndudu?" ankafunsa.

Kuyaka inkayakadi kamodzi. Lawi lake linali lalitali, lofiira, lamwaye kunsonga, ndipo fungo lake linkafika munthu asanafike. Achemwali anga anasiya kudandaula chaka chachisanu. "Ine sindinakwatiwe ndi munthu," amatero, "ndinakwatiwa ndi galaja."

Mavuto anayamba mwana wamkazi wa bwana atabwera kuchokera kusukulu zake n'kutenga ofesi. Mayi ameneyu maso ake ndi akuthwa, pamene a alamu anga anali atayamba kuchita chifunga. Mwezi umodzi wokha a Kamodzi anagunda geti kawiri, geti lomwe akhala akulowa zaka zonsezi, ndipo ulendo wachiwiriwo analumbira kuti alonda alisuntha. Madamuwo anawaitana mu ofesi.

"Ankolo, mwatumikira mokwanira. Mwezi uno ukatha mukapume."

Kupumako sikunali vuto. Vuto linali nyumba. A Kamodzi ndi achemwali anga amakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya bwana, ndipo kanyumbako ndi ka dalaivala. Ntchito ikatha, anawapatsa mwezi umodzi kuti asamuke. Kwina kopita analibe. Lamlungu lotsatira achemwali anabwera kwathu kudzandiona, koma ineyo sanandione. Ankangoyeza balaza langa ndi maso, n'kufunsa ngati kabati ija singasunthidwe. Ine ndili ndi zipinda ziwiri, ana anayi, ndi mkazi amene sagwirizana ndi achemwali anga ngakhale pa nkhani yoti kunja kwatentha. Ndiye musadabwe kuti nkhaniyi ndinaitsatira ngati mlandu wanga.

Dalaivala watsopano anali bambo wofatsa, wa imvi zake, amene kale ankayendetsa ambulansi. Tsiku lopatsirana makiyi, madamu anamupatsanso laita yatsopano imene mwini sitolo uja anawasankhira: ya gasi, yachitsulo, yotulutsa kamoto kabuluu kowongoka, kolira kuti fwiii, kopanda fungo. A Kamodzi anaiyang'ana kuchokera patali.

"Moto wabuluu? Umenewutu ndi wowotcherera mageti, madamu. Mukufuna kuwawotcherera bambo anu milomo?"

"Ankolo, makiyi."

Anapereka makiyi, laita yawo n'kubwezera m'thumba. Kuyambira tsiku limenelo ankangokhala pakhonde la kanyumba kaja, kutsegula ndi kutseka chivindikiro, achemwali ali kalikiliki kulongedza mbale m'makatoni.

Zimene zinkachitika kunyumba yaikulu tinkazimva kwa mayi wochapa zovala, amene nkhani saigoneka. Akuti tsiku loyamba dalaivala watsopano anayatsa bwinobwino, mkombero wonse psuu. Bwana anakoka, n'kukwinya nkhope, n'kuiyang'ana nduduyo ngati yamutukwana.

"Fodya uyu wafa."

Anayatsa ina. Yafa. Mawa lake anatsegula bokosi lina. Lafa lonse. Pofika sabata yachitatu bwana anali atabweza mabokosi awiri kusitolo, atakalipira wophika, alonda ndi galu, ndipo anali atayamba kunena kuti dziko lapita, anthu a masiku ano akukulunga masamba a mapapaya. Lachinayi masana anaitanitsa mwini sitoloyo kuti adzayankhe.

Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinapita kukathandiza kumanga makatoni. Kanyumbako n'koyandikana ndi khonde la bwana, ndipo mpanda wake wa maluwa uli ndi mpata umene ndinaupeza mosavuta.

Mwini sitolo anadula ndudu imodzi, n'kuiyatsa ndi kamoto kabuluu kaja, n'kukoka atatsinzina.

"Bwana, uyu ndi fodya weniweni. Woposa uyu m'sitolo mwanga mulibe."

"Ndiye bwanji ndikumva ngati ndikusuta katoni?"

"Mwina chimfine, bwana."

"Chimfine chako! Kale sankatere. Ankaluma pammero, ankafika mpaka m'maso. Taitanani Kamodzi. Kamodziii!"

Alamu anga anamva kuitana koyamba, koma anadikira kachitatu. Anavala jekete, n'kupukuta nsapato, n'kuyenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Atafika anatenga ndudu m'bokosi lomwelo lakufalo, n'kutsegula laita. Chilawi chinatuluka ndi mwaye wake, ndipo mwini sitolo anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. A Kamodzi anaiwamba nduduyo mwaulemu wonse, akuizunguza, n'kuipereka ndi manja awiri.

Bwana anakoka. Anatsokomola mpaka misozi, anamenya pachifuwa, kenako anatsamira pampando n'kumwetulira.

"Eyaa! Wadzuka. Ameneyu ndiye fodya."

Mwini sitolo ananunkhiza m'mwamba, n'kununkhizanso cha kwa alamu anga.

"Bwana, mundikhululukire. Chimene mukumvacho si fodya ayi. Ndi petulo."

Ine kuseri kwa maluwa ndinayamba kuwerenga m'mutu kuti ana anga agona pati.

"Iwe wagulitsa fodya zaka zingati?" anafunsa bwana.

"Khumi, bwana."

"Ine ndasuta kuyambira iwe uli ndi mamina. Lero undiphunzitse kukoma kwa fodya pakhonde panga? Wabweretsa moto wako wozizira, wandiphera mabokosi awiri, ndiye ukunamizira mkulu mnzanga?"

"Musamukalipire, bwana," anatero a Kamodzi mwachifundo. "Za moto sanaziphunzire."

Madamu anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Iwo anali atamvetsa zonse, zinkaoneka pankhope. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu bambo awo akhala akugula fodya wapamwamba n'kumasuta thanki ya galimoto, mpaka lilime linazolowera, moti fodya wopanda petulo linkamuyesa wakufa. Anayang'ana bambo awo, amene kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu sankakalipira munthu wa m'nyumbamo. Anayang'ana alamu anga, amene anali ataima chilili, chala chachikulu chili bii ndi mwaye. Anapumira m'mwamba.

"Ankolo, chiwongolero musadzachigwirenso. Ngakhale kuchipukuta."

"Nanga nyumba, madamu?"

"Khalani. Dalaivala ali nayo yake. Inu muziyenda nawo bambo, muzikhala mpando wakutsogolo."

Sindinadikire kumva zambiri. Ndinathamangira kukanyumba kuja n'kuyamba kumasula makatoni ndi manja angawa, ndi changu chimene achemwali anga akuti sanandionepo nacho chibadwire.

Mpaka lero alamu anga akadali pampando wakutsogolowo, atamanga lamba, akulangiza munthu amene anayendetsa ambulansi zaka zambiri mmene angakhotere pa geti. Ndinayesapo kamodzi kuwauza kuti, "Alamu, komatu bwana uja mwamuwonongera fodya moyo wake wonse." Anandiyang'ana momvera chisoni, n'kunena kuti nsanje ndi matenda, ndipo ndikayezetse.

Mwini sitolo uja naye si mwana. Mayi wochapa akuti masiku ano amatumiza fodya wotsikitsitsa, uja amakhalitsa pashelefu mpaka kuchita fumbi, atamuika m'bokosi lokongola. Bwana akuti chiyambire kusuta sanalawepo wabwino ngati ameneyu.