Jeneza Yodutsa M'madzi

Kwathu cha ku Nkhudzi, ife Asilamu munthu akamwalira m'mawa timamuika tsiku lomwelo. Jeneza, chithatha chathu chonyamulira maliro, inkayenda phewa ndi phewa m'kanjira ka kugombe mpaka kumanda.

Kenako kunabwera lamulo loti zitukuko zikuluzikulu azivomereza ku Lilongwe kokha, ati kuti ntchito ziziyenda msanga. Zinayendadi msanga! Tinangoona mpanda wa loji watsika mpaka kulowa m'nyanja, kanjira kathu katsekedwa. Titakadandaula kukhonsolo, bwana wa mapulani anangotambasula manja: "Pepani bambo, zimenezo n'zochokera kulikulu. Nafenso tangoziona ngati inu."

Atamwalira amalume anga, tinazungulira mpandawo kudzera m'nyanja, madzi olekeza m'chiuno, jeneza titaikweza pamitu. A Shehe, munthu wamkulu, mkanjo wawo unanyoweratu. Alendo a palojipo anaika mabotolo pansi n'kuyamba kutijambula, kuyesa ndi mwambo wathu.

Bwana wa ku Lilongwe amene anasainira mpandawo sanapondepo mchenga wa kuno. Pamapu ake anaona gombe lopanda kanthu. Sadziwa kuti kuno kumakhala anthu, nanji zoti timamwaliranso.